Vinyo wa ku Stellenbosch pakhonde la apongozi

Ndimagwira ntchito m'munda wa mphesa ku Stellenbosch, m'munsi mwa phiri la Simonsberg. Mu Febuluwale timathyola mphesa dzuwa lisanakwere, kenako timakhalira kumiza makoko ake m'thanki usana ndi usiku kuti mtundu ulowe bwino m'madzi ake. Ndiye za vinyo wofiira musandiuze, ndimamudziwa kuyambira ali pamtengo.

Popita kumudzi pa Khirisimasi ndinagula botolo la Pinotage weniweni, wogona m'migolo ya mtengo wa oak yochokera ku France kopitirira chaka. Malipiro a sabata yathunthu anathera pomwepo. Ndinalikulunga m'juzi n'kulifungatira m'basi, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka kulowa pa Dedza. Chikwama cha zovala ndinkachiiwalaiwala, koma botolo ayi.

Tsiku lake litafika tinakhala pakhonde kwa apongozi ku Ntcheu, nyama ya mbuzi ili pamoto. Ndinayamba kuwaphunzitsa alamu anga: kuti mtundu wa mphesa umenewu anaupanga ndi Abraham Perold mu 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut, kuti ukanunkhiza bwino umamva zipatso zakuda zakupsa ndi kautsi patali, kuti umaumitsa m'kamwa ngati nthochi yosapsa koma ukatsatiza nyama yonona zonse zimasalala.

"Alamu, tsegulani timwe. Sukuluyi tiimva mawa," anatero wamkulu.

Apa m'pamene tinazindikira kuti mudzi wonse mulibe chotsegulira. Tinayesa mpeni, chitsekero chinagumuka. Tinakhomera msomali wa malata, msomali unatuluka wokha. Mapeto ake mlamu wamng'ono anakankhira chitsekerocho m'kati ndi mpini wa supuni, vinyo n'kuthovokera pa shati yanga yoyera ya kutchalitchi. Sindinataye mtima. Ndinasefa ndi sefa ya tiyi, kuthira m'jagi ya pulasitiki, n'kulengeza kuti vinyo wa mtundu uwu amafuna ola limodzi kuti apume.

"Apume? Watopa ndi ulendo?"

Anaseka mpaka kugwetsa mpando. Jagi ndinakaiika m'nyumba pamthunzi, ife n'kupita kuseri kukaona mbuzi.

Pobwerako ndinapeza jagi yadzadza mpaka pakamwa, pomwe ndinaisiya ili theka. Mtundu wakuda uja unali utasanduka wa njerwa. Pambali panali botolo la Sobo wa malalanje, paketi ya shuga yotsegula ndi mthiko wonyowa. Apongozi aakazi anali pamphasa, akupukuta manja pachitenje.

"Bambo a Chisomo, akuberani kumeneko. Chakumwa chanuchi chinasasa panjira. Ndinangolawa pang'ono, lilime lonse gwa! Koma musadandaule, ndakonza."

Mkamwini sayankha zinthu zoterezi. Ndinagwada, kuwomba m'manja, n'kunena kuti zikomo amayi, mwatithandiza. Mkazi wanga analowa m'khitchini msangamsanga, ndipo ndinkamva mapoto akugwedezeka ndi kuseka kwake.

Anatigawira m'makapu a tiyi. Ine mwachizolowezi ndinazunguza kapu n'kununkhiza, mwina kautsi kaja kapulumuka. Kunali lalanje lokhalokha, ndi kachidutswa ka chitsekero kakuyandama pamwamba. Alamu anagugudiza n'kupempha ena. Apongozi aamuna, amene chiyambire anali chete, ananyambita milomo n'kuvomereza kuti azungu a ku Joni zinthu amazitha, kungoti amaumira shuga.

Tikutsanzikana, amayi anandipatira nkhuku ndi thumba la mbatata, kenako anauza mwana wawo mokweza kuti nanenso ndimve:

"Chaka chamawa abweretse awiri. Koma auzeni alawe kaye m'sitolo momwemo asanapereke ndalama."