Loweruka la fumbi ndi sensa ya mpweya ya Fielder yanga

Ulongwe, Loweruka, mwezi wa Okutobala.

Katundu uja, sensa yatsopano yoyeza mpweya wolowa mu injini ya galimoto yanga, anafika dzulo madzulo pa chapa (minibasi) ya ku Tete. Msuweni wanga wa ku Matundo ndiye anazungulira masitolo a zipangizo atanyamula chithunzi cha nambala yolembedwa pa sensa yakaleyo, ine ndinangomutumizira ndalama pa M-Pesa. Ndi kabokosi kokwana m'thumba la malaya, koma mameticais amene kanadya, amayi akunyumba atamva anangoti, "Bambo, kanthu kameneka?" Ndinalibe choyankha.

Fielder yangayi, ya injini ya 1NZ, yakhala ikudwala kuyambira mwezi wathawu. Ikaima pa mphambano imanjenjemera, nthawi zina kuzimiratu. Ukaponda moto imayamba yaganiza kaye kenako n'kudzidzimuka. Petulo ikumwa moonjeza, ndipo nyali ya check engine inayaka osazimanso. Galimoto ikadwala kuno madokotala sasowa. Wina anati ndi mapulagi, wina anati ndinathira petulo wa m'mabotolo wa m'mbali mwa msewu, pomwe achimwene oyandikana nafe, amene anayendetsapo malole ku Moatize, anakakamira pa pampu ya mafuta. Ndikanamvera onsewo bwenzi nditagula theka la injini.

Amene anandithandiza ndi mnyamata wina wa ku tchalitchi kwathu amene ali ndi kamakina kowerengera zovuta za galimoto. Anakalowetsa pa soketi ya kunsi kwa chiwongolero, panatuluka P0171 ndi P0101. Yoyambayo imatanthauza kuti injini ikulandira mafuta ochepa poyerekeza ndi mpweya, yachiwiriyo imanena kuti zimene sensa ya mpweya ikuwerenga sizikugwirizana ndi mmene injini ikugwirira ntchito. Tinazula waya wa sensayo n'kuliza injini, ndipo kunjenjemera kuja kunachepa, chifukwa kompyuta ya galimoto ikasowa sensa imayendera manambala osungidwa kale. Tinaipopera mankhwala ake enieni otsukira, inachira pang'ono, matenda n'kubwereranso. Apo m'pamene ndinavomera kugula.

Lero ndinadzuka m'mamawa kuti ndigwire ntchitoyi dzuwa lisanakalipe komanso mphepo isanayambe kuulutsa fumbi. Ndinaika galimoto pansi pa mtengo wa mango, injini ili yozizira. Mwana wanga wamkulu ndiye anali wonyamula zida: sipanala ya 10, sikuludiraiva, kansalu koyera ndi mbale yoikamo masikuluu. Mbaleyo musaipeputse. Sikuluu ikagwera mu fumbi la pabwalo lathuli mudzaipeza mvula ikagwa.

Ndinayamba ndi kumasula waya wa negetivu pa batire. Sensayo ili poyera, pa chivundikiro cha bokosi la fyuluta ya mpweya, pamene payambira paipi yaikulu yakuda yopita ku injini. Soketi yake ili ndi mawaya asanu, ndipo ili ndi kakilipi koyenera kudina musanakoke. Pulasitiki ya galimoto zakalezi inapsa ndi kutentha, ndiye ukakoka ndi mphamvu umatsala ndi chidutswa m'manja. Ndinadina, kugwedeza pang'onopang'ono, inatuluka bwino. Masikuluu ndi awiri okha, koma mitu yake ndi yofewa. Yoyamba inamasuka msanga, yachiwiri inakana. Ndinatsamira sikuludiraiva ndi thupi lonse, kutembenuza pang'ono kwambiri, mpaka inalira kuti the. Mutu ukangophwanyika ntchito ya mphindi zochepa imasanduka ya tsiku lonse.

Nditaitulutsa ndinaiyang'anitsa padzuwa. Mwanayo anafunsa kuti, "Ababa, chikugwira ntchito n'chiyani m'menemo, poti mulibe kanthu?" Ndinamuonetsa. Mukasuzumira mu kabowo kake mumaona timawaya tiwiri topyapyala ngati tsitsi, ndipo pambali pali kena kooneka ngati kadontho, kamene kamayeza kutentha kwa mpweya wolowa. Kamodzi mwa timawayato kamatenthetsedwa ndi magetsi. Mpweya ukamadutsa umakaziziritsa, ndiye pamafunika magetsi ena oonjezera kuti kakhalebe kotentha chimodzimodzi. Mpweya ukachuluka magetsi ofunikawo amachulukanso, ndipo kompyuta imadziwira pamenepo kuti walowa mpweya wolemera bwanji, n'kupereka petulo woyenera. Muyezo wake ndi magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Tsono kawaya kakakutidwa ndi fumbi, mpweya sukakhudza bwino, sensa imanena kuti walowa wochepa pomwe walowa wambiri, kompyuta n'kumana injini mafuta. Ikazindikira kudzera pa sensa ya ku ekizozi kuti zinthu sizili bwino imayamba kuonjezera mafuta, ndipo mpamene thanki imaphwa.

Chimene chimandisangalatsa pa kachipangizo aka n'chakuti kamayeza kulemera kwa mpweya, osati kukula kwa malo amene wadzaza. Ife kuno ku Angónia tili pamwamba, kupitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wathu ndi wopepuka. Ukatsika kudzera pa Mussacama mpaka kukaoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel uli m'chigwa, mpweya ndi wina. Galimoto za kabuleta zimene ankayendetsa atsibweni athu zinkafuna kukonzedwa mosiyana pa malo awiriwa. Iyi imadzikonza yokha ulendo uli mkati, bola kawayako kakhale koyera.

Ndisanaike yatsopano ndinatsegula bokosi la fyuluta, ndipo nkhani yonse ndinaipeza mmenemo. Fyuluta inali yoyera mokayikitsa kunja kwake, koma nditaiunika padzuwa ndinaona kuwala kukudutsa pa ngodya ina pamene pepala linang'ambika. Mbali ya bokosi imene imayenera kukhala yoyera, yoyang'ana ku injini, ndinapakapo chala chinatuluka chofiira ndi dothi la katondo. Uku ndi kupopera kwa kompuresa. Pa galaja ina pamene ndinasinthitsa oilo, anyamata anaichotsa, kuiuzira mpweya wamphamvu mpaka kuoneka yatsopano, n'kuibwezera akumwetulira kuti andipulumutsira ndalama. Chizolowezi chimenechi chili paliponse, ndipo eni galimotofe timachikonda chifukwa n'chotchipa. Koma fyuluta ndi pepala. Ukaliuzira ndi mphamvu timabowo take timakula, pena kung'ambika kumene, ndipo fumbi la m'misewu ya ku Domwe ndi ku Tsangano limangodutsa molunjika pa kawaya kaja. Kuika sensa yatsopano kumbuyo kwa fyuluta yotere n'kutaya ndalama.

Ndiye ntchito inaima kaye. Ndinaphimba bowo la sensa ndi kansalu, kutuma mwana pa njinga ku msika atanyamula fyuluta yakaleyo kuti akayerekeze pogula yatsopano. Podikira ndinapukuta m'bokosi monse ndi nsalu yonyowa pang'ono, ndipo ndinamasula paipi yakuda ija n'kuipinda mbali zonse kufunafuna ming'alu m'makwinya ake. Paipi imeneyi ikang'aluka, mpweya umalowa kuseri kwa sensa osawerengedwa, ndipo galimoto imadwala chimodzimodzi ngakhale sensa ili yabwinobwino. Ambiri amagula sensa pomwe vuto ndi labala. Yanga inali yolimba.

Achimwene aja anatulukira ndi kapu ya tiyi m'manja. "Mwadzuka bwanji akulu? Kodi mwayamba umakanika tsopano?" Ndinawaonetsa chala changa chofiiracho, ndipo fyuluta yakale ija itabwera ndinawaonetsanso pong'ambika paja. Anapukusa mutu. "Komabe pampu ija muionenso," anatero. Munthu wamkulu sutsutsana naye pabwalo pako, ndinangoti, "Zikomo achimwene, tiona."

Kubwezera kunali kosavuta. Ndinayerekeza nambala ya pa sensa yatsopano ndi ya pa yakale, zinafanana. Za Toyota zenizeni zimapangidwa ndi Denso, koma zachinyengo zolembedwa dzina lomwelo zilipo zambiri, n'chifukwa chake msuweniyo ndinamuuza kuti yotchipa kwambiri aisiye. Kalabala kozungulira ka pakhosi pake ndinaonetsetsa kuti kakhala bwino osapindika. Timawaya tija sitikhudzidwa ndi chala, nsalu kapena kamtengo, ndipo amene amatitsuka ndi petulo kapena mankhwala a kabuleta akupha sensa ndi manja awo. Ndinailowetsa moongoka, kumanga masikuluu mongokwanira chifukwa amaluma pa pulasitiki, soketi inalira kuti kwa, kenako batire.

Italira koyamba inakwera mawu, kutsika, kunjenjemera pang'ono. Achimwene anandiyang'ana ndi diso loti ndinanena ine. Koma batire ikachotsedwa kompyuta imaiwala zimene inazolowera, imafuna nthawi kuti iphunzirenso. Ndinaisiya ikulira yokha osaponda moto mpaka fani itazungulira, ndipo mawu ake anakhazikika. Mnyamata wa kamakina uja anadutsa cha m'ma 11 koloko. Injini itatentha, ili poima, sensa inkawerenga pafupifupi magalamu 2 pa sekondi, zimene n'zoyenera pa injini ya malita 1.5, ndipo manambala a zovuta aja sanabwererenso.

Masana tinaiyesa pa msewu wopita ku malire a Calomue. Pa zitunda pamene inkalira ngati yanyamula matumba a mbatatesi pomwe ili yopanda kanthu, lero inakwera osasintha mawu. Achimwene anakhala kutsogolo, khutu lili tcheru kumvetsera pampu yawo ija, koma sananene kanthu mpaka pobwerera, pamene anafunsa ngati mawa tikaweruka ku tchalitchi ndingakaone Ractis ya alamu awo, imene akuti nayonso ikuzima pa mphambano. Ndawauza kuti alamuwo ayambe atsegula bokosi la fyuluta, aiunike padzuwa, ndipo asagule chilichonse ndisanafike.

Za petulo sindinganene lero. Ndadzaza thanki madzulo ano n'kulemba makilomita m'kabuku, Lachiwiri ndili ndi ulendo wa ku Tete, ndikadzazanso kumeneko ndiwerengere.