Munda wa Wilt Chamberlain unali waukulu bwanji?

Lachitatu usiku, magetsi atathima, ndinali pamkeka ndi kope langa la homuweki komanso foni yotsala pang'ono kuzima. Mwadzidzidzi chinthu chimene chandizunguza mutu kuyambira kusekondale chinamasuka. Ndinaseka ndekha mpaka mng'ono wanga anadzuka n'kufunsa kuti, "Achimwene, zayamba liti zimenezi?"

Nkhani yake ndi ya Wilt Chamberlain, katswiri wakale wa basketball mu NBA, ligi yaikulu ya ku America. Mu sizoni ya 1961-62 mkuluyu ankathira mapointi 50.4 pa gemu, ndipo pa 2 March 1962 anathira 100 yekha pomwe Philadelphia Warriors inkasewera ndi New York Knicks. Michael Jordan, amene amalume anga safuna kumva munthu akumunyoza, anafika pa 37.1 basi, mu 1986-87. Tikamakangana kubwalo titatha kusewera, ena amati Wilt anali chilombo, ena amati ankasewera ndi anthu ofooka. Ine ndinkangomwa madzi, chifukwa mbali zonse ziwiri sizinkandifika pamtima.

Chimene chinanditsegula maso ndi funso la m'kalasi ya statistics, losakhudzana n'komwe ndi mpira. Mlimi wina wakolola matumba 60, wina 45. Wachita bwino ndani? Ukathamangira kuyankha wagwa, chifukwa sunafunse kuti munda wa aliyense ndi maekala angati. Ndili mkati molemba yankho, dzanja linangoima. Nanga munda wa Wilt unali waukulu bwanji?

Zaka zonsezi ndakhala ndikugawa mapointi ndi magemu, ngati kuti gemu ya 1962 ndi ya 1987 n'zofanana. Sizofanana. Chofunika kuwerenga ndi possession, imene ine ndimangoitcha ulendo: timu yagwira mpira, yapita kutsogolo, kaya yagoletsa, kaya yaphonya anzawo n'kutola, kaya yalandidwa, ulendo watha. Matimu a nthawi ya Wilt ankathamanga ngati akuthawa mvula, kuponya msangamsanga, moti timu yake akuiyerekeza kuti inkayenda maulendo pafupifupi 130 pa gemu. Chicago Bulls ya Jordan inkayenda cha m'ma 96. Kuwonjezera apo, Wilt sankatuluka m'bwalo. Avareji yake inali mphindi 48.5, pomwe gemu ndi mphindi 48, chifukwa ankasewera mpaka nthawi yowonjezera. Jordan ankasewera mphindi 40.

Ndinawerengera pamanja, kawiri, poopa kuti tulo tandinamiza. Pa maulendo 100 alionse amene munthu ali m'bwalo, Wilt akubwera cha m'ma 38, Jordan akudutsa 46. Uja wa 50 ali pansi pa uja wa 37! Ndinayesanso James Harden wa 2018-19, wa mapointi 36.1, ndipo akudutsa 48. Apa zinandiwawa, chifukwa kaseweredwe kake kosakasaka mafaulo sindinakakondepo, koma manambala sanandifunse maganizo.

Ukangogwira mfundo imeneyi, zinthu zambiri zimayamba kugwa zokha ngati mango akupsa. Marebaundi (kutola mpira wina akaponya n'kuphonya) 25.7 pa gemu a Wilt sizoni yomweyo? Maulendo ambiri, kuphonya kwambiri, mipira yambiri yoti munthu atole. Triple-double (avareji ya 10 kapena kuposa pa mapointi, marebaundi ndi mapasi ogoletsera) ya Oscar Robertson, nayonso ya 1961-62, ndi ya Russell Westbrook ya 2016-17 zimaoneka ngati mapasa papepala, koma Westbrook anakolola zake m'munda wocheperapo kwambiri. Panopa sindikhulupiriranso nambala iliyonse yolembedwa "pa gemu". Ndikangoiona ndimatulutsa kope. Kunena zoona ndikuona ngati njira imeneyi ikhoza kuthetsa mikangano yonse ya kubwalo kwathu anthu atangolola kukhala pansi n'kugawa.

Chimene chikundinyansa n'chakuti aphunzitsi athu atha milungu isanu akulemba maformula pabolodi, ife n'kumakopera ngati alembi a kukhoti, osatiuzapo tsiku limodzi kuti nkhani yonse ili pa nambala imene ukugawirayo. Nditafunsa tsiku lina chifukwa chake timagawa ndi ichi osati icho, anangoti, "Zimenezo mukaziona chaka chamawa." Chaka chamawa! Chikhala kuti anabwera ndi Wilt ndi Jordan tsiku loyamba, theka la kalasi silikanagona. Komanso nthawi ilibe chisoni. Magemu amayamba cha m'ma 2 kapena 3 koloko m'bandakucha, kalasi 8 koloko, mayeso sabata yamawa, ndipo mitu iwiri sindinaitsegule n'komwe chifukwa ndakhala ndikuwerengera maulendo a anthu amene anasewera bambo anga asanabadwe.

Loweruka ndinapita nalo kope lija kwa amalume, ndikuganiza kuti asangalala poti munthu wawo wapambana. Anayang'ana manambala aja nthawi yaitali, kenako anati, "Iwe mphwanga, gawa mmene ungagawire. Koma unayamba wathamangapo mphindi 48 osakhala pansi, mawa lakenso chimodzimodzi?" Ndinasowa chonena. Kugawa kwanga kumamulanga Wilt chifukwa choti sankatopa, ngati kuti kulima munda waukulu si ntchito.

Ndipo pobwerera, m'minibasi, zina zinayamba kundibwerera. Mzere wa mapointi atatu, umene ukagoletsa uli kunja kwake umapeza atatu m'malo mwa awiri (ma three), unabwera mu NBA mu 1979. Larry Bird anatsogola ligi yonse mu 1985-86 ndi ma three 82, pomwe Stephen Curry anaponya 402 mu 2015-16. Kodi ulendo wa Bird ndi wa Curry ndi chinthu chimodzi? Zone defense, kutchinga dera m'malo motchinga munthu, anailola mu 2001, kugwira wosewera ndi dzanja pomutchinga anakukhwimitsira malamulo mu 2004, ndiye Harden ankayenda m'njira yolambulidwa imene Jordan sanaione ali ku Bulls. Bill Russell, wa zikho 11, mablock ake (kumenya mpira mnzako akamauponya kuti usalowe) palibe amene ankawalemba, chifukwa anayamba kuwawerenga mu 1973-74 iye atapuma kale. Ngakhale 130 uja ndi woyerekeza, poti mipira yotaya sinkalembedwa nthawi imeneyo.

Ndiye ndili ndi kope lodzaza manambala amene ndikuwakhulupirira kuposa kale, koma wina akandifunsa kubwalo Lamlungu kuti wamkulu ndani, mwina ndidzangomwanso madzi. Kaya vuto ndi kagawidwe kanga, kaya ndi funsolo.