Pamene "will be" asanduka "would be" pofotokoza zimene wina ananena

Ophunzira ambiri amene akukonzekera mayeso a MSCE amadziwa kuti pofotokoza m'Chingerezi mawu amene munthu wina ananena, nthawi ya mneni imabwerera m'mbuyo, koma amasokonezeka akafika pa chiganizo chonena za ntchito imene idzakhala ikuchitika m'tsogolo. Chiganizo chotere chili ndi zigawo zitatu, "will", "be" ndi mneni wothera ndi "-ing", ndipo mwa zitatuzi chosintha ndi "will" yekha, amene amasanduka "would".

Tiyerekeze kuti Lolemba amayi auza mwana wawo pafoni kuti, "I will be waiting for you at the depot tomorrow." Mwanayo akamafotokozera mnzake Lachinayi, ayenera kunena kuti, "My mother said that she would be waiting for me at the depot the next day." Taonani kuti "I" wasanduka "she", "you" wasanduka "me", ndipo "tomorrow" wasanduka "the next day" chifukwa mawa lija linadutsa kale. Ena amalemba "she was waiting", potero amafufuta tsogolo lonse limene amayiwo ankanena. Ena amalemba "she would have been waiting", zimene zimamveka ngati amayiwo sanapite n'komwe kudepoti.

Ine ndimaona kuti gwero la vutoli si ulesi wa ophunzira ayi. M'Chichewa timati, "Amayi ananena kuti adzakhala akundidikira," ndipo "-dza-" amakhalabe pamalo pake ngakhale nkhaniyo ikhale ya chaka chatha. Mwana amene wakula akulankhula motero amasiya "will" osamukhudza, ndipo mphunzitsi akangodula ndi cholembera chofiira popanda kumuonetsa kusiyana kumeneku, mwanayo adzabwerezanso pa pepala lotsatira.

Komabe si nthawi zonse pamene kusiya "will" kuli kulakwa, ndipo mfundo imeneyi ndimafuna itamaphunzitsidwa mosabisa. Ngati mwana uja akufotokoza Lolemba lomwelo, amayi asananyamuke, akhoza kunena kuti, "She said she will be waiting for me tomorrow," popeza kudikirako kukadali m'tsogolo. Chimodzimodzinso ngati chiganizo chayamba ndi "She says", palibe chobwerera m'mbuyo. Pamayeso, pamene funso layamba ndi "said" ndipo silikunena tsiku lofotokozera, "would" ndiye wodalirika.

Mafunso nawo amafuna kusamala. Mphunzitsi akafunsa kuti, "Will you be using the classroom this afternoon?", timafotokoza kuti, "The teacher asked whether we would be using the classroom that afternoon." Apa "we" amatsogola, "would" n'kubwera pambuyo, ndipo chizindikiro cha funso chimachoka. Pokana, "won't be" amakhala "wouldn't be", ndipo "I shall be working" wa munthu wina amafotokozedwanso ndi "would", osati "should", chifukwa "he should be working" amatanthauza kuti munthuyo akuyenera kugwira ntchito.