Zikomo amayi a pamjigo ndi anyamata a kabaza

Mipope itauma sabata yatha kuno ku Luchenza, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ife oweta agalu tinagwira njakata. Galu satuluka thukuta ngati munthu, amangopumira m'kamwa lilime lili panja. Akasowa madzi, makamaka German Shepherd waubweya uja, amatha kufa tsiku lomwelo. Chonsecho ambiri m'khola muno ndi a eni ake, anangotisungitsa.

Amayi a pamjigo, munatilola kudumpha mzere, ena mukuseka kuti "madzi a agalu?" Zikomo kwambiri. Anyamata a kabaza munanyamula zigubu mpaka kuda, mtengo osakweza. Nanga achimwene amene munatitengera mankhwala a nkhupakupa ku Bvumbwe, n'kukana ndalama ya ulendo, dzina simunatiuze. Tiana ta agalu tomwe tinabadwa sabata yomweyo tonse tili moyo, mukamadutsa mudzapatuke mudzatione.