Chingwe cha ku Fremont ndi masamba ofiira akusikelo

Gawo la maphunziro a kayendetsedwe ka makampani limene tamaliza mwezi uno linali la mmene bungwe lalikulu lingapezere njira zatsopano zogwirira ntchito. Ine ndine kalaliki pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, ndiye zimene ndawerenga usiku ndimakaziyeza ndi zimene ndimaona kusikelo kukacha.

Nkhani imene yandikhala mumtima ndi ya fakitale ya magalimoto ya ku Fremont, ku California. Kampani ya General Motors, mwini wake, inaitseka mu 1982 itatopa nayo. Anthu ankajomba, sitalaka inali yosatha, magalimoto ankatuluka ali ndi zolakwika zambirimbiri. Mu 1984 inatsegulidwanso pa mgwirizano wa General Motors ndi Toyota, pa dzina loti NUMMI, ndipo ambiri amene analembedwa ntchito anali akale omwe aja. Pasanapite nthawi yaitali, magalimoto ake anali m'gulu la abwino kwambiri mu General Motors yonse.

Pamwamba pa mzere wolumikizira magalimoto anamangapo chingwe chotchedwa andon. Wantchito aliyense, ngakhale womanga mabawuti chabe, akaona kuti china chalakwika ankachikoka. Mtsogoleri wa gulu ankathamangira pamalopo kudzathandiza, ndipo vuto likakanika kutha msanga mzere unkaima. M'masiku akale lamulo linali loti mzere usaime zivute zitani, cholakwika chikakonzedwe kutsogolo. Ine ndikuona kuti mphamvu inali pa bwana amene ankabwera kudzafunsa kuti akuthandize bwanji, m'malo mofunsa kuti wakoka ndani. General Motors inavutika zaka zambiri kufalitsa njirayi m'mafakitale ake ena, chifukwa kumanga chingwe n'kosavuta kusiyana ndi kusintha mtima wa mamanijala.

Tsono tibwere kuno kwathu. Mayi amene wathyola tiyi zaka zambiri amadziwa zinthu zimene ife a muofesi sitingazione m'mabuku. Masamba akapanikizidwa m'matumba n'kukhala padzuwa kudikira thirakitala, amatentha n'kuyamba kufiira, ndipo tiyi wake satuluka bwino ngakhale a kufakitale atayesetsa chotani. Mayiyo amaona izi ndi maso, amamva kutenthako akalowetsa dzanja m'thumba. Amadziwanso munda umene thirakitala imachedwa kufika mvula ikagwa, ndi malo amene sikelo ikanaikidwa kuti masamba azikhala pamthunzi. Koma auza ndani? Kapitawo wake amafunsidwa za makilogalamu. Mayiyo ndi wa kontirakiti ya nyengo ya mvula, ndipo akufuna kudzaitanidwanso chaka chamawa. Akayankha kuti “Zili bwino, bwana,” ife timati ndi ulemu, pomwe munthuyo akuteteza chakudya cha ana ake.

Aphunzitsi athu anatiuza za Amy Edmondson wa ku yunivesite ya Harvard, amene m'zaka za m'ma 1990 anafufuza magulu a anamwino m'zipatala. Anapeza chinthu chodabwitsa: magulu ogwirizana bwino ndi amene ankalemba zolakwika zambiri. Sikuti ankalakwitsa koposa anzawo ayi, koma sankaopa kuulula. Kuyambira pamenepo, lipoti limene likunena kuti zonse zili bwino sabata ndi sabata limandidetsa nkhawa kuposa lodzaza madandaulo.

Sindikunena kuti nzeru zochokera pamwamba n'zachabe. Ku Mimosa ku Mulanje kuli nthambi yofufuza za tiyi ya Tea Research Foundation of Central Africa, yomwe yatipatsa mitundu ya tiyi ngati PC 108, ndipo ntchito yotere imafuna akatswiri, ndalama ndi kudekha kwa zaka. Koma mtundu wabwino wa tiyi ukhoza kuwonongekera m'thumba, pakati pa munda ndi fakitale, ndipo pamenepo katswiri wa ku Mimosa palibe.

Pamene ndinasiyana maganizo ndi anzanga m'kalasi ndi pa bokosi loponyamo maganizo. Ambiri analiyamikira. Toyota inayambitsadi dongosolo lolandira maganizo a antchito mu 1951, koma kumeneko maganizo amayankhidwa ndipo ambiri amagwiritsidwa ntchito. Kwathu kuno bokosi limapachikidwa pakhomo la ofesi, pamene aliyense akuona amene waponyamo kapepala, komanso ena mwa othyola tiyi kulemba kumawavuta. Munthu akaponyamo kamodzi osamva yankho, saponyamonso.

Pa ntchito yolemba ya gawoli ndasankha kanthu kakang'ono. Ndikupempha kuti pa sikelo imodzi, kamodzi pa sabata, kapitawo azifunsa gulu lake chimene chikuwononga masamba, kalaliki azilemba mosatchula dzina, ndipo yankho la amanijala lizinenedwa pakamwa pamalo omwewo sabata yotsatira, ngakhale litakhala loti ayi. Chovuta chimene ndikulimbana nacho ndi kapitawo mwini. Ngati mabwana apitiriza kumuyeza ndi makilogalamu okha, mphindi khumi zofunsa anthu adzaziona ngati zomubera nthawi. Choncho ndawonjezera ndime yopempha kuti ubwino wa masamba ofika kufakitale uziwerengedwanso poyeza ntchito yake, ndipo Loweruka ndikaipereka kwa aphunzitsi kuti aione.