Mwamumva musanamuchotse?

Lolemba m'mawa foni inalira ndisanakhale n'komwe pansi. Anali abwana ena a sitolo yogulitsa katundu wopikulitsa ku Limbe. Dalaivala wawo wagulitsa dizilo, ndipo amuchotsa kale Loweruka pa WhatsApp. "Umboni ulipo, aloya, mlonda anamuona ndi maso." Nditawafunsa ngati anamupatsa mpata woyankhapo, anati wakuba alibe choyankha.

Ntchito yanga ndi yolangiza olemba anthu ntchito, ndipo yankho limeneli ndi lomwe limawadyera ndalama ku Industrial Relations Court, khoti loweruza milandu ya zantchito. Ambiri omwe ndawaona akuluza sikuti wantchito wawo anali wosalakwa ayi. Gawo 57 la lamulo la zantchito, Employment Act ya 2000, limafuna zinthu ziwiri: chifukwa chomveka, komanso kuti munthuyo apatsidwe mwayi wodziteteza asanachotsedwe. Kukhotiko wofunika kupereka umboni wa chifukwacho ndi bwana. Dalaivalayo anali ndi miyezi itatu yokadandaula ku ofesi ya zantchito, ndipo ka uthenga ka pa foni kaja kakanamukwanira. Choncho tinaubweza, n'kulemba kalata yomuimitsa kaye, yotchula mlandu wake ndi tsiku lodzamumva.

Lachiwiri ndinali ku Makata, pa fakitale ina yomwe ili ndi anthu amene imawatchula kuti aganyu, chonsecho ena agwirapo zaka zinayi osadukiza. Dzina la ganyu silibisa munthu amene amabwera tsiku lililonse, kulembetsa pageti ndi kulamulidwa ndi kapitawo. Penshoni yawo, 10 peresenti ya bwana ndi 5 peresenti ya wantchito, sinaperekedwepo. Akauntanti atawonkhetsa ngongoleyo anavula magalasi.

Lachitatu linali lopepuka. Mayi wina woyang'anira antchito pa sukulu yapulaiveti ankafuna kudziwa za mphunzitsi woyembekezera. Masabata asanu ndi atatu, malipiro onse, ndipo malo ake awapeze akadzabwera.

Dalaivala uja tinamumva Lachinayi. Anabwera ndi mnzake wa pantchito, ndipo sanakane. Koma anatulutsa kabuku momwe ankalemba maulendo ausiku a ku Mwanza ndi ku Muloza, omwe sanalipidwepo ovataimu. Sabata ya ntchito ndi maola 48. Opitirira apo amalipidwa kamodzi ndi theka, ndipo a tsiku lopuma kawiri. Kuba kunali kuba ndithu, ntchito inatha motsata njira, koma ovataimuyo abwana alipira. Anang'ung'udza kuti lamulo limakondera antchito. Ine sindiona choncho. Akanakhala ndi buku lawo la maola, sitikanadalira kabuku ka munthu amene wangovomera kumene kuba.

Lachisanu ndinabwerera ku Makata, chifukwa nkhani yeniyeni inali yoti akufuna kuchepetsa anthu: ndalama zakunja zogulira zipangizo zikusowa. Apa pamabwera severance allowance, ndalama yomwe bwana amapatsa wantchito wochotsedwa motere: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse m'zaka zisanu zoyamba, atatu kuyambira chaka chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, ndi anayi kupitirira apo. Abwana a pafakitalepo ankaganiza kuti aganyu aja angowauza kuti mawa asabwere. Tinawaika onse pamndandanda, aliyense ndi chaka chomwe anayamba, ndipo Lolemba likudzali oyang'anira akhala pansi ndi antchito kuwafotokozera chifukwa chake kalata iliyonse isanatuluke.