Khirisimasi ya nsomba: ulendo wanga wothawa nkhukundembo kupita ku Poland

Ndakhala ku Manchester zaka 6, ndipo Khirisimasi iliyonse m'zaka zimenezi ndadya nkhukundembo. Sikuti ndimaikonda ayi. Kuno ku Mangalande pa 25 Disembala mbalame imeneyi ili ngati lamulo. Kuntchito kwathu, kunyumba yosamalira okalamba, amaiotcha yathunthu, n'kuiika patebulo ndi mbatatesi komanso tikabichi ting'onoting'ono towawa tija. Nyama yake ndi youma ngati ukutafuna chinkhupule, mwakuti kuti idutse pakhosi uyenera kuisambitsa mumsuzi. Pakapita masiku anayi timakhala tikudyabe mkute wake m'masangweji. Ine ndinakulira ku Nkhotakota, kumene Khirisimasi ndi mpunga wa kilombero, nkhuku yachikuda yothamangitsidwa m'mawa womwewo, ndi Fanta mmodzi wogawana ana atatu. Moti chaka chilichonse ndinkadya nkhukundemboyo mtima uli kwathu.

Mnzanga wina amene timagwira naye ntchito ndi wa ku Poland. Tsiku lina atandimva ndikung'ung'udza anati, "Tiye kwathu ukaone. Ife sitidya zimenezo, timadya nsomba." Ndinayesa nthabwala. Nsomba pa Khirisimasi? Kwathu nsomba ndi ndiwo ya Lachiwiri lililonse, munthu sungayitanire mlendo usipa pa tsiku lalikulu. Koma ndinavomera, ndinavutika ndi mapepala a visa ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya, monga timavutikira ife a pasipoti ya Malawi, ndipo pa 22 Disembala tinakwera ndege. Ulendo wa ku Kraków, mzinda wa ku Poland, ndi wa maola awiri ndi theka basi.

Bwalo la ndege la kumeneko lili ndi dzina la Papa Yohane Paulo wachiwiri, yemwe uja anabwera ku Malawi mu Meyi 1989. Amayi anga ali nayobe nsalu ya ulendo wake umene uja. Papayo anabadwira ku Wadowice, tauni imene tinadutsamo popita kumudzi kwa mnzangayo, ndipo nditauza anthu a kumeneko kuti Papa wawo anaponda dothi la kwathu, ndinasanduka mbale wawo nthawi yomweyo.

Ku Kraków tinagonako usiku umodzi. Dzuwa linalowa isanakwane 4 koloko masana, ndipo kuzizira kwake kunali koluma m'makutu. Pakati pa mzindawu pali bwalo lalikulu lotchedwa Rynek Główny, mamita pafupifupi 200 mbali iliyonse, ndipo nthawi imeneyi limadzaza ndi timisasa ta msika wa Khirisimasi. Ola lililonse munthu amaliza lipenga ali pamwamba pa nsanja ya tchalitchi cha Mariya, nyimboyo n'kudukira panjira ngati wina wam'tseka pakamwa. Tinadya tchizi wofukizidwa ndi utsi, tinamwa vinyo wotentha, koma maso anga anali kwina. M'mawa mwake tinapita kumsika wakale wa Stary Kleparz, ndipo kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi mwini wake wa Khirisimasi ya ku Poland, nsomba yotchedwa karp.

Ndi nsomba yonenepa, yamsana wokwera, yolemera makilogalamu awiri kapena kuchepera pang'ono, yamamba akuluakulu otalikirana ngati ndalama zachitsulo. Amaiweta m'maiwe. Mudzi wa mnzangayo uli kufupi ndi Zator, makilomita ngati 50 kumadzulo kwa Kraków, dera limene anthu amalitcha Chigwa cha Karp chifukwa akhala akuweta nsombayi kumeneko kwa zaka mazanamazana. Nyengo yachisanu ikamayandikira amaphwetsa maiwewo n'kukolola nsomba ngati mmene ife timakololera chimanga, zonse kukonzekera usiku umodzi wa pa 24 Disembala.

Agogo ake a mnzangayo, amene aliyense m'nyumbamo amawatchula kuti Babcia, anandifotokozera kudzera mwa mdzukulu wawo kuti kale ankagula nsombayi yamoyo n'kuisunga m'bafa masiku awiri kapena atatu. Banja lonse linkaleka kusamba kuti nsomba isambire. Ana ankaipatsa dzina, ankacheza nayo, kenako pa tsikulo abambo n'kulowa ndi nyundo, m'nyumba monse maliro. Masiku ano masitolo ambiri akuluakulu anasiya kugulitsa yamoyo. Agogowo anaseka n'kunena kuti bafa tsopano linabwerera kwa eni ake. Ine ndinakumbuka nkhuku ya kwathu imene tinkaimangirira mwendo pamtengo wa mango kuyambira pa 23, ife ana tikuiponyera gaga, tikudziwa bwino lomwe kumene ikulowera.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti kwa iwo phwando lenileni si la pa 25. Ndi la madzulo a pa 24, lotchedwa Wigilia, ndipo patebulo sipakhala nyama ngakhale kachidutswa. Tsiku lonse anthu amadya pang'ono chabe, ena osadya konse. Ine amene ndinazolowera kuti chikondwerero ndi mafuta ochucha m'zigongono, mimba inayamba kulira cha m'ma 2 koloko. Ndinapempha ntchito kukhitchini kuti ndiiwale njala. Amayi ake a mnzangayo anazengereza kupatsa mlendo mpeni, koma nditagwira nsombayo, n'kuipala mamba, n'kuitumbula osaphulitsa ndulu, anayang'anana ndi agogo aja. Mwana wa kunyanja saphunzitsidwa zimenezi. Anaidula m'mapisi opingasa, n'kuiviika mumkaka ndi anyezi kuti fungo la matope lichoke. Mamba aja sanataye. Anawatsuka n'kuwayanika pa kapepala.

Sitinakhale patebulo mpaka ana, amene anali atakanirira pawindo, atafuula kuti aona nyenyezi yoyamba. Kunali mitambo tsiku limenelo, ndipo ndikukayika ngati chimene anaonacho sichinali ndege yopita ku Kraków, koma palibe amene anafuna kutsutsa. Pansi pa nsalu ya patebulo anali atayalapo udzu wouma pang'ono, kukumbukira modyera ng'ombe muja. Tisanadye, aliyense anapatsidwa kachidutswa ka opłatek, buledi wopyapyala woyera ngati wa ukaristiya. Umapita kwa munthu aliyense m'nyumbamo, iwe kubenthula kake, iye kubenthula kako, n'kufunirana zabwino maso ndi maso. Zimatenga nthawi. Abambo a m'nyumbamo, munthu wosalankhulalankhula, anagwira mwana wawo paphewa n'kulankhula naye motsitsa mawu kwa mphindi zingapo, onse awiri misozi ili m'maso. Agogo atafika kwa ine anandigwira masaya ndi manja awiri n'kunena mawu ambirimbiri. Mnzangayo anangomasulira kuti, "Akuti upeze mkazi." Ndinati, "Zikomo agogo, amayi anga akakumvani adzakutumizirani mpunga."

Panali mbale imodzi ndi mpando umodzi wopanda munthu. Amasiyira mlendo wodzidzimukira, aliyense amene angagogode usiku umenewo. Ndinafunsa kuti kodi mlendoyo si ine? Anati ayi, iwe tinkakudziwa kuti ukubwera, iyo ndi ya amene sitikumudziwa. Ndinakhala chete pang'ono. Kwathu amayi akamaomola nsima amasiyako mtanda umodzi m'mbale yovindikira, ati wa wapaulendo. Sindinayembekeze kukazipeza zimenezi m'dziko la chipale.

Zakudya zimayenera kukhala 12, chiwerengero cha atumwi, ndipo uyenera kulawa chilichonse. Tinayamba ndi barszcz, supu wofiira ngati magazi wopangidwa ndi beetroot wosasitsa, momwe munkayandama timikate tating'ono totchedwa uszka, kutanthauza timakutu. M'kati mwake munali bowa wa m'nkhalango amene agogo anazula okha n'kuyanika miyezi ya m'mbuyo. Nditaluma kamodzi fungo lija linandibweza kwathu, poti Disembala ndi mwezi umene mvula imadzutsa bowa ndipo ana amaima nawo m'mbale m'mphepete mwa msewu. Mfutso ndi mfutso basi, kaya wa ku Nkhotakota kaya wa ku Zator. Panabwera pierogi, timikate tokulirapo toikamo kabichi ndi bowa, kenako kabichi wowawasa wophika ndi nsawawa, ndi nsomba ya m'nyanja yamchere yotchedwa śledź, yosaphika, yongoviika m'mafuta ndi anyezi. Imeneyo ndinaimeza mwaulemu chabe. Chakumwa chinali kompot, madzi owiritsiramo zipatso zouma zofukiza, amene amanunkha ngati khitchini ya nkhuni. Poyamba ndinakwinya nkhope, koma pofika kapu yachitatu ndinali nditagonja.

Kenako karp uja, wokazinga ndi nyenyeswa za buledi. Ndinene zoona, si chambo. Chambo ndi mfumu, ndipo palibe nsomba ya m'dziwe imene ingayime nacho. Karp ndi wamafuta, wofewa, ali ndi kafungo ka pansi pa madzi ngati mlamba wa m'dambo. Koma ndi nsomba yokhala ndi moyo wake, yokoma pafupi ndi khungu ndi kumimba, ndipo pambuyo pa zaka 6 za chinkhupule chija ndinaidya ngati munthu wotuluka m'ndende. Minga yake ndi yambiri, ina yamphanda yobisala m'mnofu. Achinyamata a m'nyumbamo ankaitosatosa ndi foloko mwamantha, wina anavomera kuti amadya chaka ndi chaka pongoopa agogo. Ine ndinapempha chilolezo, ndinaika foloko pansi, n'kugwira ndi manja. Minga ndinkaitulutsira pakona pa mlomo monga tinaphunzirira pa utaka ndi mcheni, n'kuindandalika m'mphepete mwa mbale. Nditapempha mutu, agogo anawomba m'manja n'kudzudzula adzukulu awo onse mondiloza ine. Panalinso karp wina wozizira wokutidwa ndi zonjenjemera ngati jeli. Ameneyo ndiye anandigonjetsa, ndinalawa kadontho kuti chiwerengero chikwane 12.

Pakati pa usiku tinayenda wapansi kupita ku Misa yotchedwa Pasterka, Misa ya abusa. Tchalitchi chinadzaza mpaka ena kuima panja pozizira, onse akuyimba, nthunzi ikutuluka m'kamwa. Panalibe ng'oma, panalibe nthungululu, ndipo thupi langa linkafuna kugwedezeka koma linasowa woligwedezera. Pa 25 nyama inabwerera patebulo, bakha wootcha, soseji, ndi bigos, kabichi wophikidwa nthawi yaitali ndi nyama zosiyanasiyana. Nkhukundembo sindinaione paliponse.

M'mawa wa tsikulo ndinaimbira amayi pa WhatsApp asanapite kutchalitchi. Kumbuyo kwawo kunkamveka nkhuku ikukuwa, ana akuithamangitsa. Nditawafotokozera zimene ndinadya dzulo lake anakhala chete, kenako anati, "Mwana wanga, ulendo wonsewo kukadya nsomba ndi bowa? Kodi anthuwo ndi osauka? Ukanangobwera kuno." Ndinalephera kuwayankha chifukwa cha kuseka.

Potsanzikana pa 27, agogo aja anandiitanira kukhitchini n'kundipatsa limodzi la mamba aja, louma, lokulunga m'kapepala. Akuti uliike m'chikwama cha ndalama kuti chisaume chaka chonse. Lili momwemo mpaka lero, kuseri kwa khadi la basi, ndipo chikwamacho chimanunkhako nsomba pang'ono kukatentha.